Nsalu Yobwereka ndi Diso la Kamera

Pali mtundu wa chithunzi umene wafala masiku ano, ndipo ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ife alembi tiuyang'ane ndi diso lomwe timayang'anira ndakatulo, sewero kapena nthano. Ndi chithunzi cha munthu wa paulendo atavala zovala za makolo a eni dera limene wafikako. Amabwereka m'mawa, kujambulitsa masana, madzulo n'kubweza. Akabwerera kwawo amachipachika pakhoma kapena kuchimwaza pa Facebook ndi WhatsApp, anzake n'kumayamikira kuti wafika kutali. Mchitidwewu unakhazikika kwambiri ku Japan, komwe alendo amabwereka chovala chotchedwa kimono, koma ine wa ku Phalombe sindisowa kukwera ndege kuti ndiuone. Umandipeza konkuno mwezi wa Okutobala, pamene anthu a m'tauni amatsikira pa Chonde, kwa anansi athu a ku Mulanje, kudzavala mikanda ndi zikopa za Chilhomwe.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi. Kubwereka chovala si mlandu. Koma chovala chili ngati chiyankhulo, chili ndi mawu ake ndi malamulo ake, ndipo munthu akavala mawu amene sakuwamva, chithunzi chake chimaulula zambiri za njala ya mumtima mwake kuposa za eni chovalacho. Ndiyambira ku Japan chifukwa kumeneko nkhaniyi ndi yakale ndipo inalembedwa bwino, kenako ndibwerera kwathu, komwe ikutikhudza ife eni.

Mawu akuti kimono amangotanthauza chinthu chovala. Chovalachi amachisoka kuchokera ku mpukutu umodzi wa nsalu, wopapatiza koma wotalika pafupifupi mamita 12, ndipo m'chiuno amamanga lamba wamkulu wotchedwa obi. Kwa mlendo makimono onse ndi amodzimodzi, koma mwini dziko amawawerenga ngati kalata. La manja aatali olendewera ndi la mtsikana wosakwatiwa. Maluwa ojambulidwa pansalu amayenderana ndi nyengo ya pachaka. Lopepuka la thonje, lotchedwa yukata, ndi la nthawi yotentha, osati la ku ukwati. Lamulo lalikulu koposa ndi lakuti mbali ya kumanzere ikhale pamwamba pa ya kumanja, popeza kutembenuza ndi momwe amavekera mtembo. Choncho mlendo amene wadziveka yekha mosadziwa akhoza kumwetulira pa kamera atavala ngati maliro.

Mumzinda wa Kyoto muli masitolo ambiri obwereketsa zovalazi. Mlendo amalipira, amayi odziwa ntchitoyi amamuveka, kumukonza tsitsi, ndiye amatuluka kukajambulitsa pa akachisi ndi m'tinjira takale. Ena amalipira zambiri kuti apakidwe nkhope yoyera ndi kuoneka ngati maiko, mtsikana amene akuphunzira luso la ugeisha, luso lotenga zaka zambiri za kuvina, kuimba ndi kulandira alendo. Amalawi nawonso ajambulitsako. Kuyambira mu 1971 achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'Malawi, ndipo aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi anamwino athu akhala akupita kumeneko kukachita maphunziro kudzera ku bungwe la JICA. M'nyumba zingapo za anthu oterewa ndaonamo chithunzi cha mwini nyumba atavala kimono, chitapachikidwa pafupi ndi cha ukwati ndi cha tsiku lolandira digiri. Malo amene chapachikidwawo akutiuza kale ntchito yake: ndi umboni woti munthuyu anakwera ndege.

Chithunzi chamtunduwu n'chakale kuposa foni ya m'manja. Doko la Yokohama litatsegulidwa kwa amalonda akunja mu 1859, ojambula zithunzi sanachedwe kufika. Felice Beato anakhazikika kumeneko mu 1863, pambuyo pake kunabwera Raimund von Stillfried, kenako Mjapani Kusakabe Kimbei, yemwe anayamba ngati wopaka utoto pa zithunzi za azunguwo. M'masitudiyo mwawo munali makimono, maambulera a pepala, malupanga ndi nsalu ya kumbuyo yojambulidwa phiri la Fuji. Mzungu wa paulendo ankavala, kukhala pansi, kujambulitsa, n'kugulanso buku la zithunzi za eni dziko lokaonetsa kwawo.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti Japan wa m'zithunzizo anali akutha nthawi yomweyo imene ankajambulidwa. Boma latsopano la 1868 linkamanga njanji ndi mafakitale. Mfumu Meiji anajambulitsa mu 1872 atavala za makolo ake, koma mu 1873 anajambulitsanso atameta tsitsi, atavala yunifolomu ya usilikali yachizungu, ndipo chachiwirichi ndicho chinafalitsidwa. Mu 1876 ankhondo achikale otchedwa samurai analetsedwa kuyenda ndi malupanga. Komabe masitudiyo anapitiriza kugulitsa zithunzi za asamurai, akumaveka zida anthu wamba olembedwa ganyu, chifukwa wogula sankafuna Mjapani wa jekete ndi nsapato. Ankafuna dziko limene anali atalota kale asananyamuke kwawo. Apa ndi pamene pali chilema choyamba cha chithunzi cha paulendo. Chimaimitsa anthu amoyo pamalo amodzi, ndipo chimawauza kuti kukongola kwawo kuli m'mbuyo.

Kodi tinene kuti mlendo wovala kimono ndi wakuba? Funsoli linabuka mwamphamvu mu 2015 ku Boston, m'dziko la America. Nyumba yosungira zaluso ya mumzindawo inaitana anthu kuti azivala kimono ndi kujambulitsa pafupi ndi chithunzi chimene Claude Monet anapenta mu 1876, chosonyeza mkazi wake Camille atavala kimono lofiira. Kunabwera anthu ndi zikwangwani kudzatsutsa, ponena kuti uku n'kuseweretsa anthu a ku Asia, mpaka akuluakulu a nyumbayo analetsa zovala n'kulola kungokhudza. Koma kunabweranso ena, kuphatikizapo amayi achijapani atavala makimono awo, kudzanena kuti iwo sakuona cholakwa. Ku Japan kwenikweniko malonda a kimono akhala akutsika kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo oluka nsalu ndi osoka ambiri amakondwa mlendo akavala.

Pamene eni dziko anakwiya ndi pena. Mu 2019 Kim Kardashian anafuna kutcha zovala zake za m'kati dzina lakuti Kimono. Meya wa Kyoto, Daisaku Kadokawa, anamulembera kalata yomupempha kuti aganizenso, ndipo dzinalo linasinthidwa kukhala Skims. Chaka chomwecho anthu a ku Gion, dera la ageisha mu Kyoto, anaika zikwangwani zoletsa kujambula m'tinjira ta eni, chindapusa chake mayeni 10,000, chifukwa alendo ankathamangitsa atsikana a maiko ndi makamera, kuwatsekereza njira, ena mpaka kukoka zovala zawo. Mu 2024 anafika poletseratu alendo kulowa m'tinjira tina. Tikaphatikiza nkhani zitatuzi tikuona kuti eni sanadandaule ndi kubwereka nsalu. Anadandaula pamene dzina lawo linkatengedwa kukagulitsira zina, ndiponso pamene munthu wamoyo anasandutsidwa chokongoletsa chithunzi cha wina.

Tisanaloze chala alendo, tikumbuke kuti ifenso ndife akatswiri a nsalu yobwereka. Amene tinakula kusanabwere mafoni tikukumbuka wojambula wa pa njinga, kamera ili pakhosi, akuzungulira misika ya Migowi ndi Chiringa. Tsiku lojambulitsa munthu ankabwereka jekete kwa mlamu, wotchi kwa mphunzitsi, magalasi akuda kwa mnzake, wailesi n'kuikolopa pamkono ngakhale ilibe mabatire. Filimu inkapita kukatsukidwa kutauni, ndipo tinkadikira masabata. Abambo athu a ku migodi ya ku Joni ankatumiza zithunzi atavala suti, osati atavala chisoti cha pansi pa nthaka. Sizinali kuno kokha. Ku Bamako m'dziko la Mali, Seydou Keïta, yemwe anatsegula situdiyo yake mu 1948, ankasunga masuti, mawotchi, zolembera ndi wailesi zobwereketsa makasitomala ake, ndipo lero zithunzi zake zili m'nyumba zazikulu za zaluso padziko lapansi.

Ngakhale chitenje chimene timachitcha chathuchathu chinayenda ulendo wautali. Luso lake linachokera ku nsalu za batik za ku Java, azungu a ku Holland analitengera m'mafakitale awo m'zaka za m'ma 1800, kenako nsaluzo zinapeza msika mu Africa, ndipo kuno kwathu fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inadzazifikitsa m'mudzi uliwonse. Makolo athu akalekale ankavala chiwondo, khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa, ndi zikopa. Choncho amene akufuna chovala chosasakanizika ndi cha wina aliyense adzafufuza mpaka kutopa. Koma pali kusiyana pakati pa zithunzi ziwirizi. Mnyamata wa jekete yobwereka ankajambulitsa mawa lake, zimene ankalakalaka kudzakhala. Wovala za makolo kwa tsiku limodzi akujambulitsa dzulo, ndipo kawirikawiri ndi dzulo limene sakufuna kubwererako.

Tsopano ndifike kwathu. Alhomwe ambiri analowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique, kudera la phiri la Namuli, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, pothawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafika atasenza akatundu, n'kugwera m'manja mwa eni minda ikuluikulu ya ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, komwe thangata inawadikira. Anapatsidwa dzina lonyoza lakuti Anguru. Lewis Bandawe, yemwe anathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, anatsogolera bungwe la Alhomwe mu 1943 polimbana ndi dzinali, ndipo boma la atsamunda linalisiya. Koma manyazi sanachoke ndi chikalata cha boma. Makolo ambiri anasiya kuyankhula Chilhomwe kwa ana awo kuti asasekedwe kusukulu ndi kuntchito. Zotsatira zake zikuoneka m'kalembera. Mu 1998 anthu 2.4 okha pa 100 alionse ndiwo ankayankhula Chilhomwe pakhomo, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi pafupifupi 19 pa 100 alionse, mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno.

Ndi mbiri imeneyi m'mutu, palibe angapepule zimene zinachitika pa Chonde pa 25 Okutobala 2008, pamene Mulhako wa Alhomwe, bungwe limene Bingu wa Mutharika analiyambitsa, unachita mwambo wake woyamba. Mulhako ndiye kuti khomo. Anthu amene agogo awo ankabisa mtundu wawo anaimirira poyera n'kufuula kuti noophiya, kutanthauza kuti tafika. Ndikaona loya wa ku Blantyre kapena mkulu wa ku Capital Hill atavala mikanda pakhosi, nthenga kumutu, akujambulitsa monyadira, ndimakumbukira kuti agogo ake akanachita zimenezi akanasekedwa. Chithunzi chake chili ndi phindu limene cha mlendo wa ku Kyoto chilibe, chifukwa iye akubwerera ku khomo limene linatsekedwa. Zimenezi ndikuzivomereza ndi mtima wonse.

Komabe ntchito ya wounika zaluso si kuombera m'manja kokha. Ndaona zithunzi za pa Chonde mazanamazana, m'nyuzipepala ndi m'mafoni, ndipo zambiri zikufanana ngati zotuluka m'chikombole chimodzi. Munthu waima chilili, mikanda yatsopano yogula pachipata, nsalu yodindidwa chizindikiro cha bungwe, m'manja botolo kapena kamtolo ka gondolosi, kumbuyo kwake ovina tchopa osaoneka bwino nkhope. Ndikachiika pambali pa cha ku Yokohama cha zaka 140 zapitazo ndimapeza kamangidwe komweko. Wolipira ali patsogolo, eni mwambo asanduka nsalu ya kumbuyo, m'malo mwa phiri la Fuji. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mlendo ndi mwana wa m'mudzi momwemo.

Taonani zimene chithunzichi chasiya kunja. Choyamba ndi katundu wa pamsana. Tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, amavinidwa ndi anthu 20 kapena 30 mozungulira ndi mopingasana, ng'oma zitatu zosiyana kukula zikulira. Ovina ena amabereka mitolo ya makasu, zikopa, zida za ulenje, zidole ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Kwa ine mtolo umenewo ndi buku la mbiri, chifukwa ndikauona ndimaona banja likuwoloka malire ndi zonse zimene lili nazo. Komanso tchopa si gule wa chisangalalo chokha. Amavinidwa pothokoza zokolola ndi ulenje wabwino, komanso popereka nsembe kwa mizimu kukagwa chilala, mliri kapena tsoka lina. Ife a ku Phalombe matsoka timawadziwa. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola midzi ya kwa Nkhulambe ndi madera ena. Gule amene anabadwira kuyankha zinthu zotere ali ndi kulemera kwake. Wojambulitsa amasankha mikanda chifukwa ndi yopepuka ndi yowala, mtolo n'kuusiyira nkhalamba.

Chachiwiri ndi kusiyanasiyana kwa Alhomwe eni ake. Pali Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Akokhola, Amarenje ndi ena, aliyense ndi kayankhulidwe kake. Chithunzi cha pa mwambo chimawaphwanya onse n'kuwaumba kukhala munthu mmodzi wa mikanda. Monga momwe mlendo wa ku Kyoto sadziwa kuti manja a kimono lake akunena kuti sanakwatiwe, wojambulitsa wathu nayenso sadziwa ngati chimene wavala ndi cha mwamuna kapena mkazi, cha namwali kapena ntchembere, cha pa chisangalalo kapena pa nsembe. Tikudziwa bwino kuti zovala zimayankhula, chifukwa palibe mayi amene angabwereke yunifolomu ya Mvano kuti akajambulitse asanavekedwe ndi mpingo, ndipo palibe mwamuna wanzeru amene angabwereke chigoba cha Gule Wamkulu kuti akaseketse anzake. Nanga n'chifukwa chiyani tikafika pa za makolo athu timaganiza kuti chilichonse chokhala ndi nthenga n'chovala wamba?

Chachitatu ndi chiyankhulo. Kamera siimva mawu, ndipo n'chifukwa chake timaikonda. Munthu akhoza kuoneka Mlhomwe weniweni pa chithunzi asakudziwa kulonjera agogo ake m'chiyankhulo chawo. Mikanda imagulidwa tsiku limodzi, chiyankhulo chimafuna zaka ndi kudzichepetsa, kukhala pansi pa mkeka, kulakwitsa ndi kusekedwa ndi nkhalamba. Akuluakulu anati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Usiwa wathu weniweni si wa pathupi. Ndi wa pakamwa, ndipo chithunzi chokongola chikhoza kutinamiza kuti tavala pamene tili chimodzimodzi. Mawu aja akuti tafika amamveka mwachilendo akatuluka m'kamwa mwa munthu amene wafika 10 koloko m'mawa, galimoto lake likudikira kuti 4 koloko abwerere.

Chachinayi, chimene chimandiwawa koposa, ndi nkhani ya atsikana. Pafupifupi chaka chilichonse mwambo ukatha, m'mafoni mumadzaza zithunzi za atsikana ovala mikanda pachifuwa pali pamtunda, ndipo pansi pake amuna amalemba nthabwala zimene sangazinene pamaso pa alongo awo. Sindikunena kuti thupi la namwali pa bwalo la mwambo n'chinthu chochititsa manyazi. Pabwalo pali anankungwi, pali malamulo, pali maso a anthu omudziwa. Koma chithunzi chimamuchotsa pabwalo n'kumuponya kwa anthu osamudziwa, ndipo sichifafanizika. Adzakhala mphunzitsi kapena mayi wa pabanja, chithunzicho chikuyendabe. Amene anamujambula sanamupemphe. Masitudiyo a ku Yokohama nawonso ankagulitsa zithunzi za akazi ovula mbali ina ya thupi ponamizira kuonetsa chikhalidwe, ndipo atsamunda ankachita zomwezo ndi agogo athu aakazi pa mapositikhadi. N'zomvetsa chisoni kuti ntchito imene mtsamunda anaisiya taitola ndife, ndi mafoni athu. Anthu a ku Gion anaika chikwangwani poteteza ana awo. Ife chikwangwani chathu chili kuti?

Chomaliza ndi ndalama. Ku Kyoto mlendo amalipira, ndipo ngakhale makimono ambiri obwereketsa ndi a nsalu yotchipa ya m'fakitale, woveka ndi wokonza tsitsi amalandira malipiro a luso lawo. Kuno ndaonapo gulu la ovina litanyamuka m'mudzi mbandakucha pa lole, kuvina dzuwa lili paliwombo, kujambulidwa ndi aliyense wodutsa, n'kubwerera ndi fumbi lokha kumapazi. Chithunzi cha nkhalamba yovina chikongoletsa kalendala, chikwangwani cha kampani kapena tsamba la wandale, koma dzina la mudzi wake silinalembedwe pena paliponse. Ambiri akhala akudandaula kuti ndale zimalowerera m'miyambo ya mitundu yathu, osati wa Alhomwe wokha, ndipo chithunzi ndicho chida chachikulu cha kulowererako. Wofuna mavoti amadziwa kuti chikopa cha paphewa chimayankhula msanga kuposa mfundo za chitukuko.

Kuti tione bwino kusiyana kwa chovala chopepuka ndi cholemera, tiyeni tiyang'ane chithunzi china cha m'chigawo chathu chomwechino. Mu 1914, pa Mbombwe ku Chiradzulu, John Chilembwe anajambulitsa ndi mnzake wachizungu John Chorley. Chilembwe wavala suti ndi chipewa. Tikafuna tikhoza kunena kuti nayenso anavala za eni, pakuti suti si ya makolo ake. Koma masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo iye sanavule. Chaka chotsatira anaukira atsamunda, Alhomwe ambiri a m'minda ya thangata ali pambuyo pake, ndipo anaphedwa. Chithunzi chimenechi ndicho Samson Kambalu anachisandutsa chosema chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022. Chipewa cha Chilembwe chinali chobwereka kwa azungu, koma iye ankadziwa bwinobwino chimene chikunena, ndipo anali wokonzeka kulipira mtengo wake. Muyeso wanga wa chithunzi chilichonse cha zovala ndi umenewu. Sindifunsa kuti nsaluyo inachokera kuti. Ndimafunsa ngati wovalayo akumva chimene nsaluyo ikunena, ndiponso ngati angaivalebe kamera itachoka.

Wina anganene kuti ndikulemetsa nkhani yopepuka, kuti anthu akungosangalala, ndipo chisangalalo sichifuna mayeso. Pali choonadi pamenepo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo sitingayembekezere kuti munthu wa masiku atatu ku Kyoto adziwe zonse za kimono. Ndiponso nthawi zina chithunzi chimakhala poyambira. Mwana wobadwira ku Area 25 amene waona bambo ake atavala mikanda akhoza kufunsa kuti kwathu n'kuti, ndipo funso limenelo likhoza kumufikitsa kwa Nazombe kapena kwa Mkhumba. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto limabwera pamene poyambira pasanduka pothera, pamene mtundu wonse ukhutira ndi tsiku limodzi la zithunzi pa chaka, masiku ena 364 ng'oma zikudyedwa ndi chiswe ndipo nkhalamba zodziwa nyimbo zikupita kumanda chimodzichimodzi.

Ajapani anatha kubwereketsa kimono kwa alendo popanda mantha chifukwa zinthu zina sanazibwereketse. Chiyankhulo chawo ndicho cha m'kalasi, cha m'nyuzipepala ndi cha m'khoti. Kuli masukulu ophunzitsa kavalidwe ka kimono, ndipo mwezi wa Januwale chaka chilichonse atsikana ofika pa msinkhu amavala la manja aatali pa mwambo wa dziko lonse. Mlendo akavala molakwika, eni amaseka n'kumukonza, chifukwa muyeso ulipo ndipo ukudziwika. Ife tikubwereketsa pamene muyeso ukutha. Posachedwapa mwana wofuna kudziwa mavalidwe a Alhomwe adzapita pa intaneti, ndipo chimene adzapeze ndi chithunzi cha bwana wa m'tauni atavala zogula pachipata. Chobwerekacho chidzakhala ndicho chenicheni, popeza chenichenicho palibe anachilemba.

Apa ndi pamene pali ntchito yathu alembi ndi ojambula. Sindikupempha kuti anthu aleke kuvala kapena kujambulitsa. Ndikupempha zithunzi zabwino kuposa zimene tili nazo. Wojambula atembenuze kamera, nkhalamba ya mtolo ikhale patsogolo, bwana aime pambali. Apemphe chilolezo, makamaka kwa atsikana ndi makolo awo, ndipo akakanizidwa abweze foni m'thumba. Pansi pa chithunzi alembe mudzi wa ovinawo, dzina la chovala chilichonse m'Chilhomwe, ndi nthawi imene chimavalidwa. Ngati chithunzi chikukapanga ndalama, ovina alandireko gawo lawo. Ndipo apite kukajambula tchopa m'mudzi mwezi wa Juni, zokolola zitalowa m'nkhokwe, kopanda nsanja ya alendo olemekezeka.

Kwa mnzanga amene akukonzekera ulendo wa ku Japan, ndikuti kavaleni kimono, ndi lokongola ndipo eni ake adzakondwa. Koma mufunse mayi wokuvekaniyo chifukwa chimene wakusankhirani mtundu umenewo, ndipo muyang'ane mbali imene waika pamwamba. Safunsa anadya phula. Mukabwerako, funso lomwelo mukalifunse kwa azakhali anu ku Phalombe, mikanda ili m'manja, musanaivale. Yankho lake likhoza kutenga madzulo onse, mwinanso lidzabwera m'chiyankhulo chimene mudzafunika womasulira, koma ndi pamenepo pamene nsalu imayamba kukhala yanu.